Sipoko ya Njinga pa Chifuwa cha Mlangizi

Papita miyezi khumi ndi umodzi chichitikireni zimene ndikufuna kukuuzanizi, ndipo kufikira lero alongo anga sanalaweko ngakhale madzi m'nyumba mwanga. Akabwera kuno ku Ngabu amaima pa mpanda, chipewa chili kumutu, n'kundifunsa za moyo ndi mawu amene munthu amafunsira wodwala amene achipatala amubweza. Amuna anga akamva mawuwo amalowa m'nyumba. Wolakwa pa zonsezi ndine, ndipo popeza mawu a pakamwa panga adasiya kukhulupiridwa, ndaganiza zoti ndilembe.

Ndiyambe ndi kudzifotokoza, kuti muone kutalika kwa pamene ndidagwera. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Ndidafika Folomu 4 pa nthawi imene atsikana a kwathu kwa Katunga ankakwatiwa asanadziwe kulemba dzina lawo, ndipo ndidaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma. Ku mpingo ndine mlangizi wa mabanja (kapena ndinene kuti ndidali). Sindiseka pagulu. Pa ukwati wa mwana wanga weniweni ndidakana kuvina, chifukwa sindidaone chifukwa choti mayi wa munthu azigwedeza chiuno pamaso pa apongozi ake.

Amuna anga ndi a Zuze, Msena amene makolo ake adachokera kutsidya kwa malire. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika, ndipo a kabaza onse a pa Ngabu adadutsapo m'manja mwawo. Takhala m'banja zaka makumi anayi ndi zinayi. M'zaka zonsezo sadanditukulireko dzanja, sadandikalipireko pa anthu, komanso sadandiuzeko mawu aliwonse amene mkazi angawasunge mumtima. Akakondwa amati, "Pyadidi," ndiko kuti zili bwino. Akakhumudwa sanena kanthu. Kwathu sadawalandire ndi manja awiri, pakuti ife Amang'anja tidazolowera kuti mkamwini azikhala kwa mkazi, pamene iwo adapereka malowolo n'kunditenga. Alongo anga a Bizeki, amene ndi ankhoswe anga, akhala akunena kuyambira kale kuti munthu wolowola amayesa mkazi ngati mbuzi yogula pa msika.

Tsopano pali mdzukulu wanga Yankho, mwana wa mwana wanga woyamba Esinta. Mayi ake amakhala ku Nchalo, koma iye amakhala nafe. Ndi mtsikana wamkulu, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ntchito yake ndi yodzoza akwati pa tsiku la ukwati. Koma mtima wake suli pa akwati. Adaphunzira ku Blantyre luso lopanga mabala abodza ndi nkhope zoopsa za m'mafilimu, ndipo m'chipinda chake muli zinthu zimene sindilola kuti abusa azione. Monga mwa mwambo wa chidzukulu, iye amawatcha agogo ake aamuna "mwamuna wathu," ine n'kumanditcha "mkazi mnzanga." Ndi munthu yekhayo amene ndimamulola kundiseka.

Litatsala tsiku limodzi kuti lifike tsiku la Valentaini, adandipeza ndikusankha nyemba pa khonde.

"Mkazi mnzanga, zandivuta," adatero.

Adafotokoza kuti pa foni padali mpikisano wa anthu a luso lakelo, ndipo aliyense ankayenera kutumiza chithunzi cha munthu amene chikondi chamupha. Mnzake amene adalonjeza kudzakhala mtembo adatsekerezedwa ndi madzi ku Makhanga, ndipo amayi ake adamuletsa kukwera bwato chifukwa cha zamasewera.

"Ndiye ukufuna ndikuuze kuti pepa?" ndidafunsa.

"Ndikufuna nkhope yanu. Ndi yabwino kuposa ya mnzangayo. Makwinya alipo kale, sindivutika kupanga."

Ndidamuuza kuti ine ndine mlangizi, ndipo nkhope yanga ndi ya mpingo. Adati chithunzicho chidzaonedwa ndi oweruza okha, anthu a mu mzinda amene sadziwa n'komwe kuti Ngabu ili kuti. Ndidakana. Adati adzandichapira zovala mwezi wathunthu. Ndidakananso. Pamenepo adaimirira, nakutumula siketi yake, n'kunena mongotaya mawu:

"Chabwino. Ine ndimati mwina tione ngati mwamuna wathu uja angalire atakupezani mutafa."

Owerenga anga, apa ndi pamene pali tchimo langa, ndipo sindilibisa. Sindidavomere chifukwa chokonda mdzukulu, ngakhale ndimamukonda. Ndidavomera chifukwa funso limenelo ndidakhala nalo mumtima zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo palibe adaliyankhulapo mokweza kufikira tsiku limenelo. (Ine amene ndalangiza akazi ambirimbiri kuti mwamuna samuyesa, chifukwa woyesa amapeza chimene sankafuna.)

M'mawa mwake, a Zuze atangokankha njinga yawo kupita ku msika, ntchito idayamba. Yankho adayala zida zake pa tebulo ngati namwino: thonje, makala opera, shuga wophika mpaka kulimba wothira utoto wofiira, ndi mtima weniweni wa mbuzi umene adakagula kwa ogulitsa nyama, ataumanga ndi riboni. Mankhwala enieni opangira khungu labodza adali atamuthera, choncho adatsegula bokosi la agogo ake n'kutengamo solushoni, ulimbo uja womatira machubu a njinga. Adatenganso sipoko imodzi yonyezimira.

"Imeneyo ndi ya chiyani?" ndidafunsa.

"Muvi wa chikondi. Azungu amati pali kamwana ka mapiko kamene kamalasa anthu pa mtima."

"Ndi sipoko?"

"Kuno ndi ku Ngabu, agogo. Kamwanako kamalasa ndi chimene kapeza."

Adandikhazika pa mpando maola atatu. Ankapaka solushoni pa tsaya, n'kuikapo thonje, n'kupakanso, kenaka n'kung'amba pakati ndi kalumo kuti paoneke ngati mnofu watseguka. Fungo lake lidandizunguza mutu mpaka ndidayamba kuimba nyimbo ya pa Mgonero osadziwa. Diso la kumanzere adalizunguliza ndi makala. Sipoko ija adaibaya pa kachidutswa ka chubu, n'kumata kachidutswako pamwamba pa bere langa la kumanzere, malo amene dzuwa lidasiya kuwaona ndisanakwatiwe. Adandiveka chophimba kumutu cha mkwati, nandithira magazi a shuga aja kuyambira pa khosi mpaka m'chiuno. Inu mukudziwa kutentha kwa kuno mwezi wa Febuluwale mvula ikakata. Asanamalize n'komwe, ntchentche zonse za m'boma la Chikwawa zidali zitamva uthenga.

Atandipatsa kalilole ndidakuwa. Ndinene zoona, mwanayo ali ndi luso. Mayi anga atauka kwa akufa akadathawa.

Adandigoneka pa mphasa kuseri kwa nyumba, mtima wa mbuzi uli m'manja, maluwa a pulasitiki atawamwaza m'mbali, n'kundijambula kangapo. Kenaka tidakokera mphasa ija pa khonde, pakuti nthawi ya nkhomaliro idali itayandikira. Yankho adabisala kuseri kwa chitseko. Ine ndidatseka maso, ndipo (ndikuchita manyazi polemba izi) mtima wanga unkagunda ngati wa namwali amene akudikira kalata.

Ndidamva njinga ikulowa pa mpanda. Ndidamva ikutsamizidwa ku khoma. Mapazi adayandikira, naima pafupi ndi mutu wanga. Ndidati mumtima, ndi pano, Mulungu wanga, ndi pano. Kenaka ndidamva munthu akununkhiza, kawiri.

"Mbani watsegula solushoni wanga?"

Sindidayankhe, popeza ndidali wakufa. Adawerama, ndipo ndidamva chala chikugwedeza sipoko ija.

"Iyi ndi yatsopano. Zakale zili m'chitini." Adaimirira, mawondo akulira. "Madzi osamba m'manja alipo?"

Adadya, napumula pang'ono, n'kubwerera ku msika. Yankho adaseka mpaka kugwa pansi. Ine sindidaseke.

Zikadathera pamenepo bwenzi lero ndili ndi manyazi anga ndekha. Koma mkwiyo wa nkhalamba ndi moto wa mankhusu, umayaka pansipansi. Ndidalamula Yankho kuti aike chithunzi chimodzi mu foni yanga. Magetsi adali atazima kuyambira m'bandakucha, ndiye iye adakwera kabaza kukafuna kumene kuli jenereta kuti akatchaje foni yake, imene idali itangozima, ndi kutumiza za mpikisano. Nditatsala ndekha ndidaganiza zodandaulira mwana wanga Esinta, kuti adziwe mtundu wa bambo amene ali nawo. Ndidatumiza chithunzi chija, n'kuyamba kulemba mawu ofotokoza. Ine ndimalemba pa foni ndi chala chimodzi, ndipo sindilola chiganizo kutuluka chopanda mpumiro. Ndili pakati posankha mawu oyenera, foni idathima.

Ndidangoti ndidzafotokoza magetsi akayaka. (Folomu 4 yonse ija, ndi zaka zonse zophunzitsa ana a eni.)

Zimene zidachitika ku Nchalo ndidazimva pambuyo pake. Esinta adaona mayi ake atagona pa mphasa, magazi thupi lonse, chitsulo pa mtima. Adaimba foni yanga, yozima. Adaimba ya Yankho, yozima. Bambo ake foni alibe, amati imasokoneza ntchito. Ndiye adatumiza chithunzicho kwa malume ake. A Bizeki adachikulitsa ndi zala, naona kuti chitsulocho ndi sipoko ya njinga. M'banja mwathu monse muli munthu mmodzi yekha wa masipoko.

Pa nthawi imeneyo ine ndidali pa nkhondo ina. Magazi a shuga adachoka ndi madzi, koma solushoni adakana. Adapangidwa kuti agwire chubu pa msewu wa ku Nsanje, ndiye khungu la nkhalamba adaligwira ngati wapeza kwawo. Ndidakoka bala la pa tsaya mwamphamvu, ndipo lidachoka pamodzi ndi khungu langa lenileni. Pamene padali bala labodza padatsala bala loona. Diso lija lidatupa chifukwa cha makala ndi kutikita. Sipoko ndidaizula, koma kachidutswa ka chubu kadatsalira pa chifuwa.

Cha m'ma 4 koloko ndidamva phokoso likuchokera ku msewu, ndipo nditasuzumira ndidaona chinthu chimene ndidzapita nacho kumanda. A Zuze ankabwera wapansi, pakati pa amuna awiri, pampu ikadali m'manja. Patsogolo padali a Bizeki, pambuyo Esinta akulira atagwira kumutu, ndipo pambuyo pake a kabaza, amayi a pa msika ndi ana osawerengeka. Alongo anga sadayambe kunyumba kudzaona mtembo. Adayamba pansi pa nimu, nawatcha amuna anga chigawenga pamaso pa anthu onse amene akhala akuwapatsa moni kwa zaka makumi atatu.

Atandiona nditaima pa khomo, amayi awiri adathawa.

Tidakhala pansi kuseri kwa nyumba, anthu atadzaza pa mpanda. Ndidafotokoza zonse mwadongosolo, monga ndinkachitira m'kalasi: mpikisano, thonje, shuga, mtima wa mbuzi (umene galu wa aneba adali atathawa nawo kale, kotero umboni umenewo padalibe). A Bizeki adamvetsera akuyang'ana tsaya langa.

"Alongo, utoto umatuluka magazi?"

"Apa ndadzisupula ndekha."

"Diso nalo mwadzitupitsa nokha?"

"Ndi makala."

Adapukusa mutu. "Musamubise munthuyu. Ife tabwera kudzakutengani. Kwa Katunga malo anu alipo."

Ndidatembenukira kwa Esinta kuti andithandize. Mwana wanga, wobala ine, adapukuta misozi n'kunena kuti, "Amayi, musavutike. Ife takula tikuona. M'nyumba muno simunasekemo ndi tsiku limodzi lomwe. Timadziwa kuti pali chinachake."

Ndidayang'ana ku mpanda, kumene kudaima amayi a mu mpingo, ena mwa iwo ndidawalangiza ndekha asanalowe m'banja. Ndidati, "Inu mumandidziwa. Kodi ndinanamapo?"

Mmodzi adayankha mwaulemu wonse, atagwada. "Simunanamepo, amayi. Koma ndinu amene munatiphunzitsa kuti za m'nyumba saulula, ndipo mkazi wanzeru akatupa diso amati wagunda chitseko. Ndiye tikuona kuti mukungochita zimene mumaphunzitsa."

Mawu amenewo ndidawanenadi, kwa atsikana ambiri, kwa zaka zambiri. Sindidaganizepo kuti tsiku lina adzandibwerera atanoledwa.

Yankho adafika pamenepo, thukuta lili kamukamu. Atamva nkhani adathamangira m'nyumba, natenga thonje ndi solushoni wotsala, n'kupanga bala pa mkono wake anthu akuona. Ana a pa mpanda adaombera m'manja. A Bizeki adaligwira balalo, nalinunkhiza, ndipo ndidaona kuti ayamba kugwedezeka. Koma munthu amene wayenda ulendo wautali ndi mkwiyo sabwerera nawo osaugwiritsa ntchito.

"Chabwino, mwanayu amatha," adatero. "Koma ndiyankheni funso limodzi. Mlongo wangayu ndimamudziwa. Anakana kuvina pa ukwati wa mwana wake. Lero mundiuze kuti wavala za mkwati, wagona pa khonde ndi mtima wa mbuzi, chifukwa cha masewera a mdzukulu? Chifukwa chake n'chiyani?"

"Ndimathandiza mwana," ndidatero.

"Chithunzi munajambula kuseri kuno. Pa khonde mumakathandiza ndani?"

Yankho adaweramitsa mutu. Ine ndidayang'ana a Zuze. Adakhala pa chitsa, pampu ili pa miyendo, akuyang'ana pansi. Ndidaona kuti pali njira ziwiri zokha: ndisunge ulemu wanga iwo akhale chigawenga, kapena ndivule ulemuwo pamaso pa Ngabu yense. Ndikadakonda kulemba kuti sindidachedwe kusankha. Ndidachedwa. Koma pomaliza ndidanena, mokweza kuti a pa mpanda amve:

"Ndimafuna ndione ngati angalire."

Kenaka mayi wina ku mpanda kuja adaphulika ndi kuseka, ndipo kusekako kudayenda ngati moto wa m'munda wa nzimbe.

Ndi pamene a Zuze adayankhula, ndipo adayankhula mawu ochuluka kuposa amene ndidawamva kwa iwo chaka chonse chathachi.

"Ndinadziwa ndili pa mpanda. Wakufa sathamangitsa ntchentche ndi chala cha kuphazi." Adayang'ana a Bizeki. "Alamu, zaka zonsezi ndimayesa mumandida chifukwa ndinalowola. Sindimadziwa kuti mumandiona ngati munthu wopha. Takhuta, zikomo, mwandidziwitsa." Kenaka adatembenukira kwa mwana wake. "Na iwe Esinta? Sunafunse n'komwe?"

Esinta adayamba kulira kwina, kosiyana ndi kuja adabwera nako. Bambo ake adaimirira n'kulowa m'nyumba.

Anthu atabalalika, dzuwa lisanalowe, adatuluka ndi kabotolo ka mafuta ophikira ndi kansalu. Adandikhazika pa mpando womwe uja, nayamba kunyowetsa solushoni wotsala pang'onopang'ono, monga amachitira ndi chubu cha munthu wosauka chimene sichiyenera kung'ambika. Zala zawo n'zokhakhala ngati khungwa, koma sizidandipweteke. Ndidawerengera mumtima kuti papita zaka zoposa makumi awiri asanandigwire kumaso. Ndidalimba mtima.

"Bambo, zikanakhala zoona, mukanalira?"

"Tsekani diso," adatero. "Mafuta alowamo."

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zili chonchi. A kabaza amawatcha amuna anga "a Sipoko," ena mwanthabwala, ena ayi, pakuti chithunzi chimayenda mtunda wautali kuposa kufotokoza kwake. Adasamuka pansi pa nimu paja, ndipo tsopano amakonzera njinga pakhomo pano. Bokosi la zida adaliika loko, kiyi amamuvala m'khosi. Esinta akabwera amamuyankha moni, osapitirira apo. A Bizeki adapepesa ndi pakamwa, koma pa tsaya langa padatsala chipsera, ndipo ndimawaona akuchiyang'ana. Ku mpingo sadandichotse pa ulangizi. Amangotumiza atsikana kwa mayi wina.

Yankho sadapambane mpikisano uja. Oweruza adalemba kuti mabala adali apamwamba, koma nkhalambayo inkaoneka yokwiya osati yakufa.

Phunziro ndi lotani? Lina ndalipeza, ndipo ndi lowawa: mtsikana aliyense amene ndidamuuza kuti anene kuti wagunda chitseko ndiyenera kukamupepesa, ndipo ndayamba, khomo ndi khomo, ngakhale miyendo ikukana. Koma linalo ndikuopa kuti sindinaliphunzire. Febuluwale wayandikiranso, masitolo a pa Ngabu apachika nsalu zofiira, ndipo dzulo ndidadzipeza ndikuwayang'ana a Zuze akupopa tayala, ndikudzifunsa funso lomwe lija. Lidandidyera dzina la amuna anga, ulemu wanga ndi khungu la pa tsaya, koma silinayankhidwe. Ndipo tsiku limene lidzayankhidwe, anthu onse a pa Ngabu adzaona yankho lake, kupatula ine.